Kodi mtundu wa mtsogoleri ndi nkhani? Yankho kwa mtolankhani wongoyamba ntchito

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa mayi wina wachitsikana, ndipo mwachidule ikuti: "Ndangoyamba kumene ntchito ya utolankhani, koma pali chinthu chimene chikundisowetsa mtendere. Munthu wakuda, mmwenye, Msilamu kapena mayi akasankhidwa pa udindo waukulu, nyuzipepala ndi mawailesi zimathamangira kunena za khungu lake, kumene makolo ake anachokera ndi chipembedzo chake, pamene zimene akufuna kuchitira anthu zimabwera kumapeto kapena osatchulidwa n'komwe. Posachedwapa ndinalemba nkhani ya wandale wina ndipo ndinayamba ndi mfundo zake pa misonkho, koma mkonzi wanga anasintha mutu wa nkhaniyo n'kuikapo mtundu wake, ati izo ndi zimene anthu amawerenga. Kodi ine ndi amene sindikuimvetsa ntchitoyi? Kodi kutchula mtundu wa mtsogoleri ndi tsankho, kapena kusautchula ndiye kubisa choonadi?"

Zikomo kwambiri Mayi chifukwa cha kalata yanu, ndipo ndiyambe ndi kukulimbitsani mtima kuti ntchitoyi mukuimvetsa bwino lomwe. Funso limene likukusowetsani tuloli ndi limene akonzi okhwima amalimbana nalo chaka ndi chaka, ndipo mtolankhani amene sanadzifunsepo funso limeneli ndi amene amandidetsa nkhawa kuposa inu. Komabe sindikuuzani kuti mtundu wa mtsogoleri usamatchulidwe m'pang'ono pomwe, chifukwa pali masiku ena pamene umakhaladi nkhani yeniyeni, moti kuubisa kungakhale kunamiza owerenga. Chimene ndaona pa zaka zimene ndakhala ndikukonza nkhani ndi kuphunzitsa atolankhani n'chakuti mtundu, khungu kapena chipembedzo cha munthu wolamulira zimayenera kulowa m'nkhani pokhapokha ngati zikufotokoza china chake chimene chachitika. Zikangoyamba kulanda malo a mafunso okhudza mmene munthuyo akugwiritsira ntchito mphamvu ndi ndalama za anthu, ntchito yathu imakhala itasiyidwa panjira.

Pamene Nelson Mandela analumbiritsidwa kukhala mtsogoleri wa South Africa pa 10 May 1994, panalibe njira yolembera nkhaniyo popanda kutchula khungu, pakuti malamulo a dzikolo anali atamangidwa pa khungu lomwelo, ndipo chisankho cha mwezi wa April chaka chimenecho chinali choyamba chimene anthu a mitundu yonse anavota pamodzi. N'chimodzimodzinso pamene Barack Obama anapambana chisankho cha mtsogoleri wa America pa 4 November 2008. Ku America lamulo loteteza ufulu wa anthu akuda wakuvota linakhazikitsidwa mu 1965, anthu atamenyedwa ndi apolisi ku Selma chaka chomwecho chifukwa chofuna ufulu umenewu, choncho panali anthu ambiri amene anavotera Obama omwe ankakumbukira bwino nthawi imene iwo eni kapena makolo awo ankabwezedwa pamalo olembetsera. Mtolankhani amene akanalemba za usiku umenewo ngati kuti wapambanayo ndi senata wamba wa ku Illinois akanakhala ataphonya nkhani yaikulu ya tsikulo. Pamene khomo limene linali lotsekedwa mwadala kwa gulu lina la anthu latseguka, kutsegukako ndi chochitika, ndipo chochitika chimalembedwa.

Vuto limayamba m'mawa mwake, ndipo limakula mwezi ndi mwezi ngati atolankhani akanirira pomwepo. Obama analowa mu ofesi mu January 2009 chuma cha dziko lake chili pachiswe, banki yaikulu ya Lehman Brothers itagwa miyezi inayi yapitayo, anthu akuchotsedwa ntchito ndi kulandidwa nyumba. Mu 2010 anasaina lamulo lalikulu la inshuwalansi ya zaumoyo, anachulukitsa kugwiritsa ntchito ndege zopanda oyendetsa pophulitsa adani kumaiko ena, ndipo boma lake linabweza kwawo anthu ambiri olowa m'dzikolo opanda zikalata. Pa zonsezi munthu akhoza kumuyamikira kapena kumudzudzula, koma palibe chimodzi mwa izo chimene mungachimvetse pongodziwa kuti bambo ake anali a ku Kenya ndipo mayi ake anali mzungu wa ku Kansas.

Chitsanzo chimene ndimakonda kupatsa ophunzira ndi cha Rishi Sunak, amene anakhala nduna yaikulu ya Britain pa 25 October 2022 ali ndi zaka 42. Mitu ya nkhani m'maiko ambiri inati ndi Mhindu woyamba ndiponso munthu woyamba wa makolo achimwenye kukhala pa mpandowo, ndipo zimenezi zinali zoona ndi zoyenera kunenedwa. Koma mwezi womwewo mitengo ya zinthu ku Britain inali itakwera ndi 11.1 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho, ndipo Liz Truss amene Sunak anamulowa m'malo anali atangotula pansi udindo atalamulira milungu yochepa chabe, ndondomeko yake ya misonkho itasokoneza misika. Ngati owerenga ankafuna kudziwa mmene Sunak adzalamulire, zimene zikanawathandiza kwambiri ndi zakuti anaphunzira pa sukulu yodula ya Winchester, anagwirapo ntchito ku banki ya Goldman Sachs, anali nduna ya zachuma pa nthawi ya Covid-19, ndipo akazi ake, omwe ndi mwana wa mmodzi wa anthu amene anayambitsa kampani ya Infosys, anali atangotsutsidwa poyera chaka chomwecho pa nkhani ya misonkho ya ndalama zimene amapeza kunja. Ambiri amene anasangalala kuti mwana wa anthu obwera wafika pamwamba anadabwa kuona kuti iye yemweyo ndi amene analimbikira ndondomeko yotumiza ku Rwanda anthu ofuna malo othawirako. Kudabwa kumeneko kunabwera chifukwa nkhani zinawapatsa chithunzi cha mtundu m'malo mwa mbiri ya munthuyo.

Mwafunsa chifukwa chake zimachitika chonchi, ndipo ine ndikuuzani moona mtima kuti kawirikawiri si chifukwa cha chidani. Chifukwa choyamba ndi nthawi ndi malo. Taganizirani madzulo pamene nyuzipepala yatsala pang'ono kupita kosindikiza: mkonzi ali ndi malo a mawu asanu ndi awiri okha pamutu, wojambula tsamba akudikira, ndipo patsogolo pake pali nkhani ya mawu mazana asanu ndi atatu yokamba za misonkho. Kuti afinye mfundo ya misonkho m'mawu ochepawo ayenera kuwerenga nkhani yonse ndi kuimvetsa, pamene mawu akuti "woyamba" ali pafupi, ndi afupi, ndipo palibe angamutsutse kuti wanama. Kulemba za khungu la munthu sikufuna kuwerenga bajeti, sikufuna kuimbira foni katswiri wa zachuma kapena kufufuza mmene munthuyo anavotera m'nyumba ya malamulo zaka khumi zapitazo. Ndi nkhani yotsika mtengo, ndipo m'nyumba zofalitsa nkhani zimene antchito achepa koma ntchito yachuluka, nkhani yotsika mtengo ndi imene imapambana.

Pamwamba pa izi pabwera intaneti. Masiku ano mkonzi amaona pakompyuta nthawi yomweyo kuti ndi nkhani iti imene anthu akutsegula, ndipo masamba a mchezo monga Facebook amakweza zimene anthu akuzikambirana kwambiri, kaya mokondwa kaya mokwiya. Nkhani yokhudza mtundu imautsa zonse ziwiri, ena akunyadira kuti wathu wafika, ena akupsa mtima kuti dziko lalandidwa, ndipo onsewo amalemba ndemanga ndi kuitumiza kwa anzawo. Choncho mkonzi wanu akamati izo ndi zimene anthu amawerenga, sakunama kwenikweni. Chimene sakunena n'chakuti kuchuluka kwa otsegula nkhani sikusonyeza kuti owerenga athandizidwa, ndiponso kuti anthu amazolowera zimene timawapatsa tsiku ndi tsiku.

Pali chifukwa china chimene anthu sachiona msanga, chomwe ndi mtunda umene uli pakati pa wolemba ndi dziko limene akulilemba. Leo Varadkar atakhala mtsogoleri wa boma la Ireland mu June 2017, nyumba zofalitsa nkhani za kunja zinatsindika kuti bambo ake anachokera ku India ndiponso kuti iye anali atanena poyera kuti ndi mwamuna wokonda amuna anzake. Koma m'dziko mwakemo mkangano waukulu unali pa maganizo ake pa zachuma, makamaka kampeni imene anatsogolera ali nduna yolimbana ndi anthu onamiza boma kuti alandire thandizo, imene omutsutsa ankati ikunyozetsa osauka. Anthu amene adzalamulidwe ndi munthuyo ankafunsa za nyumba, zipatala ndi misonkho, pamene akutali ankaona chizindikiro chabe. Zinachitikanso chimodzimodzi ku Zambia pamene mtsogoleri wa dzikolo Michael Sata anamwalira ku London mu October 2014 ndipo wachiwiri wake Guy Scott anagwirizira udindo wa mtsogoleri wa dziko. Kunja nkhani inali yoti mzungu akulamulira dziko la mu Africa, koma kwa anthu a ku Zambia, amene anamudziwa Scott kuyambira pamene anali nduna ya zaulimi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nkhani yotentha inali kulimbirana utsogoleri m'chipani cha Patriotic Front, makamaka pamene iye anachotsa Edgar Lungu pa udindo wa mlembi wamkulu wa chipanicho n'kumubwezeretsa anthu atachita zipolowe. Mukamalemba za dziko lakutali pogwiritsa ntchito nkhani za mabungwe akunja, dziwani kuti mukulandira nkhani imene yasefedwa kale ndi maso a mlendo, ndipo ndi bwino kufufuza zimene nyuzipepala za m'dzikomo zikunena.

Andale nawonso sali osalakwa pa nkhaniyi. Ambiri amagwiritsa ntchito mtundu wawo pamene ukuwapindulira mavoti, n'kudandaula za tsankho pamene afunsidwa za ndalama, ndipo opikisana nawo amachita chimodzimodzi mbali inayo. Mtolankhani amene amangolemba zimene zanenedwa pamsonkhano amakhala chida cha onse awiri.

Koma chimene ine chimandivuta kwambiri ndi funso lakuti ndani amene mtundu wake umatchulidwa ndipo ndani amene sutchulidwa. Simudzawerenga kawirikawiri mutu wa nkhani wakuti nduna yaikulu yachizungu ya Britain yakweza misonkho, kapena kuti mtsogoleri wamwamuna walephera kuthetsa njala. Gulu limene lakhala likulamulira limaoneka ngati lopanda mtundu, ngati kuti iwo ndi anthu chabe, pamene ena onse ndi anthu a mtundu wakutiwakuti. Zotsatira zake n'zakuti mtsogoleri wa gulu lalikulu akalakwa amalakwa yekha, koma wa gulu laling'ono akalakwa, mtundu wake wonse umasenzetsedwa mlandu, ndipo mwana wa mtundu umenewo amene adzafune udindo zaka makumi awiri zikubwerazi adzayamba ndi kuyankha za zolakwa za munthu amene sanamuonepo. Amayi olamulira amakumana ndi zofanana. Mu March 2017, Theresa May, nduna yaikulu ya Britain pa nthawiyo, ndi Nicola Sturgeon, mtsogoleri wa boma la Scotland pa nthawiyo, atakumana kukambirana za kutuluka kwa Britain mu mgwirizano wa maiko a ku Ulaya ndi tsogolo la Scotland, nyuzipepala ya Daily Mail inaika patsamba loyamba chithunzi ndi mutu wokamba za miyendo yawo. Chaka chomwecho Jacinda Ardern, atangosankhidwa kutsogolera chipani cha Labour ku New Zealand, anafunsidwa pa wailesi yakanema ngati akuganiza zokhala ndi mwana. Amuna anzawo pa maudindo amenewa safunsidwa mafunso otere.

Anthu ambiri amaganiza kuti kuopsa kuli pa nkhani zonyoza zokha, koma nkhani zotamanda nazonso zili ndi mtengo wake. Tikamukweza mtsogoleri kukhala chizindikiro cha mtundu wake, timayamba kuchita manyazi kumufunsa mafunso ovuta, poopa kuti tioneka ngati tikugwetsa chiyembekezo cha anthu ambiri, ndipo amene amavutika ndi kufewa kwathu kumeneku kawirikawiri amakhala anthu a mtundu wake omwewo, amene amafunikira boma logwira ntchito kuposa wina aliyense. Pamenepa ndimayamikira zimene atolankhani a ku Wales anachita ndi Vaughan Gething, yemwe anabadwira ku Zambia ndipo anakhala mtsogoleri wa boma la Wales mu March 2024. Atolankhaniwo ananena momveka kuti ndi munthu wakuda woyamba pa udindowo, koma sanasiye kufunsa za ndalama zokwana £200,000 zimene analandira pa kampeni yake kuchokera ku kampani ya munthu amene anapezekapo wolakwa pa milandu yotaya zinyalala mosatsata malamulo, ndipo patangopita miyezi inayi Gething analengeza kuti atula pansi udindo. Munthu akhoza kutsutsa ngati chilangocho chinali choyenera, koma mafunsowo anali a ndalama ndi udindo, ndipo mtsogoleri wina aliyense akanayenera kuwayankha. Kumulemekeza munthu ngati mtsogoleri weniweni kumaphatikizapo kumufunsa monga mmene tikanafunsira wina aliyense.

Kuopsa kwakukulu kuposa uku kumabwera pamene nkhani ya mtundu isanduka funso lakuti kodi munthuyu ndi wa kuno. Obama anabadwira ku Honolulu m'boma la Hawaii mu 1961, koma bodza lakuti anabadwira ku Kenya linapatsidwa nthawi yochuluka pa mawailesi akanema mpaka mu April 2011 iye anatulutsa chikalata chonse cha kubadwa kwake, ndipo Donald Trump amene analifalitsa kwambiri anavomera poyera mu 2016 kuti Obama anabadwiradi ku America. Nyumba zambiri zofalitsa nkhani sizinanene kuti bodzalo ndi loona, koma poitana anthu kuti atsutsane za ilo usiku ndi usiku zinalipatsa moyo. Mu 1996 Zambia inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti wopikisana pa mpando wa mtsogoleri akhale amene makolo ake onse awiri ndi mbadwa, ndipo lamuloli linatsekereza Kenneth Kaunda, amene analamulira dzikolo kuyambira 1964 mpaka 1991, chifukwa makolo ake anachokera ku Nyasaland (Malawi wa lero). Lamulo lomweli ndi limene linaletsa Guy Scott kupikisana nawo pa chisankho cha January 2015. Ku Côte d'Ivoire, Alassane Ouattara analetsedwa kupikisana mu 2000 pa chifukwa chakuti ankamunena kuti ndi wochokera ku Burkina Faso, ndipo kugawa anthu kukhala nzika zenizeni ndi obwera kunali pakati pa zimene zinakolezera nkhondo yapachiweniweni imene inayamba mu 2002. Mapeto oipitsitsa a njira imeneyi anaoneka ku Rwanda mu 1994, kumene wailesi ya RTLM ndi nyuzipepala ya Kangura zinaphunzitsa anthu kuona anzawo ngati adani chifukwa cha mtundu, ndipo mu December 2003 bwalo la milandu la United Nations linapeza olakwa anthu atatu amene ankayendetsa zofalitsa nkhanizi. Sindikunena kuti mutu umene mkonzi wanu analemba uli pafupi ndi zimenezi, ayi. Ndikungofuna muone kuti chizolowezi chofotokoza ndale zonse kudzera m'mtundu sichikhala chopanda zotsatira, makamaka nthawi ya chisankho pamene mitima ili m'mwamba.

Musagwere mbali inayo n'kuyamba kuganiza kuti mtolankhani wabwino ndi amene saona mtundu konse. Pamene Trump, polankhula pamsonkhano wa atolankhani akuda ku Chicago mu July 2024, anakayikira poyera ngati Kamala Harris, amene ankapikisana naye pa mpando wa mtsogoleri wa America, ndi wakudadi, panalibe njira yolembera nkhaniyo popanda kufotokoza kuti mayi ake a Harris anachokera ku India ndipo bambo ake ku Jamaica. Mtsogoleri akamapereka maudindo onse akuluakulu kwa anthu a kwawo, kapena chitukuko chikamapita dera limodzi lokha, kapena lamulo likamapweteka gulu limodzi kuposa ena, imeneyo ndi nkhani ya mtundu ndipo iyenera kufufuzidwa ndi manambala, mayina a maudindo ndi zikalata. Kukhala chete pa zotere ndi kuteteza amphamvu. Kusiyana kwake n'kwakuti pamenepa mtundu ukufotokoza zimene munthu wachita kapena zimene wachitiridwa, sukugwiritsidwa ntchito polosera zimene adzachite kapena poweruza ngati ali woyenera.

Pa ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku, ndikukulangizani kuti mawu onena za mtundu, khungu kapena chipembedzo akalowa m'nkhani yanu, muwachotse kaye n'kuwerenganso chiganizocho. Ngati tanthauzo la nkhani silinasinthe, mawuwo analibe ntchito. Kenako dzifunseni ngati mukanalemba chimodzimodzi munthuyo akanakhala wa gulu lalikulu, ndipo ngati yankho ndi lakuti ayi, pezani chifukwa chomveka chimene mungathe kuchinena pamaso pa munthuyo. Ngati kukhala woyamba kulidi mbali ya nkhani, kuneneni kamodzi, mufotokoze chimene chinkatsekereza ena m'mbuyomo, kenako mupitirire ku mbiri ya ntchito yake. Ndipo musanalembe kuti ndi woyamba, fufuzani bwino, chifukwa mawu amenewa amalakwika kawirikawiri. Gwiritsani ntchito dzina limene munthuyo amadzitchula nalo, osati limene omutsutsa amupatsa. Onaninso amene mukuwafunsa maganizo: ngati nduna ya zachuma ndi mayi, funsani akatswiri a zachuma za bajeti yake, osangofunsa mabungwe a amayi kuti akumva bwanji. Ndipo samalani ndi ziganizo zonena kuti mtundu wakutiwakuti udzavotera uje, ngati kuti anthu mamiliyoni ali ndi mutu umodzi. Pa chisankho cha ku America cha 2024, anthu ambiri a makolo ochokera ku Latin America anavotera Trump kuposa mmene zinalili pa zisankho ziwiri zam'mbuyo, ndipo amene anazolowera kuwawerenga ngati gulu limodzi anasowa chonena.

Pokambirana ndi mkonzi wanu, simukuyenera kudalira maganizo anu okha, chifukwa malamulo a ntchito yathu ali kumbali yanu. Malamulo a akonzi amene bungwe la IPSO, loona za madandaulo okhudza nyuzipepala, limayang'anira ku Britain amanena pa ndime 12 kuti mtundu, khungu kapena chipembedzo cha munthu zisatchulidwe pokhapokha ngati zikukhudzadi nkhaniyo. Buku la kalembedwe la Associated Press, bungwe lofalitsa nkhani la ku America, limalangizanso kuganizira mofatsa musanatchule mtundu wa munthu, ndipo chikalata cha makhalidwe cha International Federation of Journalists cha 2019 chimati mtolankhani aonetsetse kuti zimene akufalitsa sizikukolezera chidani kapena tsankho. Funsani ngati kuntchito kwanu kuli malamulo olembedwa a kalembedwe, muwawerenge, ndipo mudziwenso malamulo a bungwe loona za khalidwe la atolankhani m'dziko lanu.

Kayendetsedwe kake n'kofunika monga mfundo yeniyeniyo. Musapite kwa mkonzi nthawi imene tsamba likutsekedwa, ndipo musayambe ndi mawu akuti tsankho, chifukwa munthu akamva kuti akuimbidwa mlandu amatseka makutu. Dikirani tsiku lotsatira, mupemphe mphindi zochepa, ndipo mufunse mwaulemu chimene anaona m'nkhaniyo chimene chinapangitsa mtundu kukhala pamutu, pakuti n'kutheka kuti pali mbiri ya wandaleyo imene iwo akuidziwa. Chothandiza kwambiri n'chakuti nthawi ina mukamapereka nkhani muzilemberatu mitu iwiri kapena itatu yaifupi ndi yokopa yochokera pa mfundo yeniyeni. Mutu wonena kuti msonkho wa mafuta ukwera ngati uje apambana umakhudza thumba la aliyense, ndipo ukhoza kukopa anthu ambiri kuposa wa mtundu. Akonzi ambiri amene ndagwira nawo ntchito amatenga mutu wabwino umene wabwera wokonzeka, chifukwa umawapulumutsira nthawi. Dziwaninso kuti mudzaluza maulendo ena, popeza mutu ndi udindo wa mkonzi, ndipo sikuti kusagwirizana kulikonse n'koyenera kuika ntchito yanu pachiswe.

Pali nthawi zina, komabe, pamene nkhaniyi imaposa zokambirana za anthu awiri. Ngati kusintha kumene kwachitika kwalowetsa bodza m'nkhani imene ili ndi dzina lanu, monga kunena kuti munthu si nzika popanda umboni, lembani kalata kwa mkonzi wamkulu tsiku lomwelo, musunge nkhani yanu yoyambirira ndi mauthenga onse, ndipo mupemphe kuti nkhaniyo ikonzedwe kapena dzina lanu lichotsedwe. Nkhani yokayikira unzika, makolo kapena chipembedzo cha munthu ikhoza kukufikitsani kubwalo la milandu pa mlandu woipitsa mbiri, choncho ionedwe ndi loya isanasindikizidwe. Ngati mukuuzidwa mobwerezabwereza kulemba zonyoza mtundu wina, kapena kuulutsa mawu olimbikitsa anthu kuchitira anzawo nkhanza, musalimbane nazo nokha: pitani ku bungwe la atolankhani limene muli membala kapena ku bungwe loona za khalidwe la atolankhani, ndipo ngati ndi pa wailesi, bungwe lopereka ziphaso zoulutsira mawu lili ndi mphamvu zolandira madandaulo otere. Ndipo popeza nkhani za mtundu zimabweretsa zonyoza zambiri pa intaneti, makamaka kwa atolankhani achizimayi, mukalandira mauthenga oopseza musawafufute, koma muwajambule, muwaonetse akuluakulu anu pantchito, ndipo ngati akutchula kumene mumakhala kapena abale anu, mukanene kupolisi mwamsanga.